TSIKU LA SIKELO LIMAYAMBIRA KUNYUMBA

Aŵa ndi mau amene adalankhulidwa kwa atsogoleri a nthambi za chipani ndi ogwira ntchito m'boma a dera la Bandawe, m'boma la Nkhata Bay.

 Nkhani imene ndabwera nayo ndi ya m'mene mai ayenera kukonzekera tsiku limene anamwino amuitana ku chipatala, kaya ndi tsiku la sikelo ya oyembekezera, la kulera, kapena la kukayezetsa khomo la chiberekero. Ndikuona kuti ambiri muno ndinu abambo, ndipo ena mwayamba kale kuyang'ana pansi. Musachite manyazi. Munthu wa kumudzi akasoŵa pofunsa amapita kwa mphunzitsi, kwa mlangizi kapena kwa wapampando, ndipo yankho limene inu mumapereka ndilo limamunyamula kupita ku chipatala kapena kumukhazika pansi.

Chipatala si chinthu chachilendo kuno. Dr Robert Laws, amene adasamutsira mishoni ya Livingstonia kuno ku Bandawe mu 1881 kuchokera ku Cape Maclear, anali dokotala, ndipo makolo athu adayamba kulandira mankhwala a kuchipatala m'zaka zimenezo. Manda a amishoni amene ali ku Bandawe wakale akutikumbutsa kuti malungo a m'mphepete mwa nyanja sasankha munthu, ndipo malungowo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene likulu la mishoni lidakwerera ku Khondowe mu 1894. Chinthu china chakale kuno ndi ulendo wa amuna. Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira, adafika mpaka ku Cape Town kumene adayambitsa bungwe la apantchito la ICU mu 1919. Iye sanali woyamba kapena wotsiriza kuchoka, pakuti mpaka lero anyamata athu akupitabe ku Joni, ndipo ena akugonera pa nyanja potsata usipa. Malungo ndi kusakhalapo kwa amuna pamudzi, ziŵirizi muzisunge m'mutu, chifukwa ndizo zimene mai wa kuno amakumana nazo akamakonzekera ulendo wa ku sikelo.

Dziko lathu lachita zambiri pa uchembere wabwino. Kafukufuku wa boma wa chaka cha 2000 adapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amai 1,120 ankamwalira chifukwa cha uchembere. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti chiŵerengerocho chidatsika kufika pa 439. Koma kafukufuku yemweyo adaonetsanso kuti mai mmodzi yekha mwa anai ndiye ankayamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba ya pathupi. Atatu enawo ankafika mochedwa, ndipo kuchedwa kumeneko sikuchitikira pa khomo la chipatala ai, kumachitikira m'nyumba zathu.

Choncho kukonzekera koyamba ndi kudziŵa tsiku. Mai aliyense azisunga tsiku limene adayamba kusamba kotsiriza, kaya polemba pa kalendala, kaya pokumbukira kuti linali Lamulungu liti kapena tsiku la msika liti, pakuti kuchokera pa tsiku limeneli ndiye anamwino amaŵerengera msinkhu wa pathupi ndi nthaŵi yochira. Mwezi ukadutsa osasamba, wachiŵiri nkuyamba, nthaŵi yopita ku sikelo yakwana. Ndikudziŵa mwambo wathu wakuti pathupi pang'onopang'ono sipalengezedwa kuopa anthu a mitima yoipa, ndipo sindikubwera kudzanyoza mwambo umenewu. Mai abise kwa anzake a pachitsime ngati akufuna, koma namwino si mudzi. Ntchito yake imamulamula kusunga chinsinsi.

Chifukwa chofulumirira ndi chakuti zambiri zimene sikelo imapereka zimathandiza zikayamba msanga. Magazi amayezedwa kuti aone ngati akukwanira, ndipo mai amapatsidwa mankhwala oonjezera magazi, chinthu chofunika kwambiri kwa ife amene nsima yathu ndi kondowole, imene imakhutitsa mimba koma siionjezera magazi pokhapokha ndiwo zake zikhale usipa, nyemba kapena chigwada. Amayeza kuthamanga kwa magazi, amayeza chindoko chimene chimapha mwana ali m'mimba pamene jakisoni wake alipo, ndipo amabaya katemera wa kafumbata. Amayezanso HIV. Kuyambira mu 2011 Malaŵi adayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mai aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilomboka, njira imene maiko ena ambiri adadzatengera kwa ife, ndipo mwana amatetezedwa bwino mai wake akayamba kumwa mankhwalawo msanga. Pa nkhani ya malungo, dziko lathu lidali loyamba mu Africa, mu 1993, kuyamba kupereka Fansidar kwa amai oyembekezera ngati chitetezo. Amayamba kumwa miyezi itatu yoyamba ikatha, amamwera pamaso pa namwino, ndipo ayenera kumwa katatu kapena kuposerapo asanachire. Wofika ndi pathupi pa miyezi isanu ndi itatu adzamwa liti katatu? Neti imene amalandira ku sikelo ndi yogonamo iye, ndipo inu a m'mphepete mwa nyanja mukudziŵa kumene maneti ena amathera. Kale ankanena maulendo anai a ku sikelo, koma mu 2016 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lidalangiza asanu ndi atatu, ndipo Unduna wa Zaumoyo udatsata malangizo ameneŵa.

Chachiŵiri ndi kabuku ka kuchipatala. Kasungidwe m'pepala la pulasitiki, chifukwa kuno mvula ndi yambiri ndipo maulendo ena ndi a pabwato. Pali chizoloŵezi choipa chogula kabuku katsopano pofuna kubisa zimene zidalembedwa m'kakale. Wochita zimenezi amakhala ngati wamanga namwino nsalu m'maso kenaka nkumuuza kuti amutsogolere njira.

Chachitatu, chimene ambiri amachiiŵala, ndi kukonzekera mau. Pa tsiku la sikelo mzere umakhala wautali, namwino amakhala ndi mphindi zochepa pa munthu aliyense, ndipo mai amene sadakonzekere amangoti zonse zili bwino, nkudzakumbukira funso lake ali kale m'njira yobwerera. Usiku wa tsikulo akhale pansi ndi kuŵerenga: adatengapo pathupi kangati, adapitapo padera kangati, alipo mwana amene adabadwa wakufa, adachitidwapo opaleshoni, adatayapo magazi ambiri pochira, akumwa mankhwala anji. Pa mankhwala apa ndikunena ndi a chikuda omwe. Mwanamphepo amene ena amamwa pofuna kufulumizitsa matenda angathe kung'amba chiberekero, ndipo namwino akauzidwa zoona amadziŵa chochita. Asaike mankhwala alionse kumaliseche asanapite kukayezedwa, angosamba ndi madzi basi.

Palinso funso limene ndi lathu ife a kunyanja. Likodzo timalidziŵa ngati matenda a anyamata okodza magazi, koma nyongolotsi yake, imene imaloŵa pakhungu munthu akamasamba kapena kuchapa m'madzi odikha a m'mabango ndi m'mitsinje, imaikiranso mazira m'njira ya chiberekero cha mai. Zotsatira zake ndi zilonda, kutuluka magazi, kupweteka pokhala malo amodzi ndi mwamuna, ndipo nthaŵi zina kusabereka. Zizindikiro zimenezi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, kotero kuti mai angathe kulandira mankhwala olakwika kangapo, mwamuna wake wobwera kuchokera ku ulendo nkumamuganizira chigololo chimene sadachite. Mai wa ku Kande kapena ku Chintheche anene yekha kwa namwino kuti amachapa ndi kusamba m'nyanja, pakuti mankhwala a likodzo alipo. Ndipo ngati namwino ndi mlendo wosamva bwino Chitonga, mai apemphe womasulira wamkazi amene akumukhulupirira, m'malo mongogwedeza mutu pa zimene sadamve. Safunsa adadya phula.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ikukhudza inu atsogoleri mwachindunji. Kwa zaka zambiri takhala tikulimbikitsa abambo kuperekeza akazi ao ku sikelo, ndipo ndi bwino kutero. Bambo amene wamva yekha malangizo savuta kutulutsa ndalama ya ulendo, ndipo akayezetsa magazi pamodzi ndi mkazi wake, mai sasenza yekha katundu wokaulula zotsatira kunyumba. Koma m'madera ena chilimbikitso chimenechi chidasanduka lamulo la pamudzi, lakuti wobwera wopanda mwamuna adikire kumapeto kwa mzere, kapena abwere ndi kalata ya amfumu, kapena alipe. Taganizirani lamulo lotere pamudzi pamene mwamuna ali ku Johannesburg ndipo sabwera mpaka Khrisimasi. Taganizirani mtsikana amene mwini pathupi wamukana. Iye sangapite kwa amfumu kukafotokoza zimene sadauze ngakhale mai ake omubala, ndiye amangokhala, miyezi nkumapita. Kwamvekanso kumalo ena kuti amai amalipira wakabaza kuti akaime nawo ngati mwamuna wao. Pamenepo namwino amayeza magazi a munthu wapanjira ndi kulangiza banja limene kulibe.

Lamulo la dziko silili choncho. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, limene Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2013, likunena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wolandira chithandizo cha uchembere, ndiponso kuti wogwira ntchito ya chipatala apereke njira za kulera kwa wozifuna posayang'ana kuti ali pabanja kapena ai, wabwera ndi mnzake wa m'banja kapena wabwera yekha. Ndikupempha mafumu athu mwaulemu kuti pamene pali malamulo a pamudzi otere muŵaonenso bwino. Bambo amene alipo pamudzi nkukana kuperekeza mkazi wake, mudzudzuleni iyeyo. Chilango chake chisagwere mai ndi mwana amene ali m'mimba.

Za kulera sindichulukitsa. Ntchito imeneyi idaloledwa m'zipatala za boma mu 1982, ndipo bungwe la Banja La Mtsogolo lidayamba mu 1987, ndiye si yachilendo. Chofunika kukonzekera ndi tsiku lobwerera. Jakisoni ndi wa miyezi itatu, kam'mkono ndi ka zaka zitatu kapena zisanu malinga ndi mtundu wake, lupu ndi ya zaka khumi kapena kuposerapo. Amene mwamuna wake ali kutali asaleke njira yake osafunsa namwino, chifukwa a paulendo ambiri safika pa tsiku limene adanena. Ndipo njira ikamamuvuta, monga kusamba kosalekeza, abwerere akasinthe, osangoisiya mwakachetechete.

Kuyezetsa khomo la chiberekero ndiko kumene amai ambiri amaopa, pamene khansa imeneyi ndiyo ikupha amai ambiri kuposa khansa ina iliyonse m'dziko muno. Ziŵerengero za 2020 zidaonetsa amai oposa 4,000 opezeka nayo pa chaka, ndi pafupifupi 3,000 omwalira. Kuyezako ndi kwa mphindi zoŵerengeka. Namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, ndipo malo amene ayamba kudwala amayera. Akapezeka msanga amathandizidwa, nthaŵi zambiri tsiku lomwelo, khansa isanayambe. Mai wa zaka zapakati pa 25 ndi 49 apite ngakhale sakumva kupweteka kulikonse, makamaka amene ali ndi HIV, ndipo asankhe tsiku limene sakusamba. Abambo mumve bwino apa: amene wathandizidwa amauzidwa kuti asakhale malo amodzi ndi mwamuna kwa milungu inai kapena kuposerapo kuti bala lipole. Nkhani imeneyi ikambidwe kunyumba iye asanapite, kuti isadzakhale mlandu atabwerako. Aphunzitsi nanunso kumbukirani katemera woteteza khansa imeneyi, amene boma lidayamba kubaya atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu 2019. Makolo akamva mphekesera zakuti katemerayo amatseketsa kubereka, amabwera kudzafunsa inu, ndipo yankho lake nlakuti si zoona.

Chotsala ndi njira ndi ndalama. Chithandizo m'zipatala za boma ndi chaulere, koma galimoto, njinga yamoto ndi bwato si zaulere. Banja liyambe kusunga pang'onopang'ono pathupi pakadali pang'ono, ligule zitenje, beseni, pepala la pulasitiki ndi zina zimene anamwino anena, ndipo lidziŵiretu amene adzatsala ndi ana. Vuto likakula, chipatala chaching'ono chimatumiza wodwala ku Chintheche kapena ku chipatala chachikulu cha boma la Nkhata Bay, mwinanso mpaka ku Mzuzu. Kwa a ku Mpamba msewu uli pafupi, koma abale athu a ku Usisya, kumene msewu umatsika phiri ndipo mwera ukaomba nyanja siyendeka, ayenera kupita kukadikirira ku chipatala mwezi wotsiriza usanathe, makamaka wa pathupi poyamba, wa mapasa ndi amene adachitidwapo opaleshoni. Ndipo pali zizindikiro zimene siziyembekeza tsiku lolembedwa m'kabuku: kutaya magazi, mutu waukulu ndi kuona chidima, kutupa nkhope ndi manja, kutentha thupi, kutuluka madzi nthaŵi isanakwane, kapena mwana kuleka kugunda. Wotere anyamulidwe nthaŵi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, osadikira kuti lamya ya ku Joni iyankhidwe kapena kuti amalume abwere kudzavomereza.

Inu akulu a m'maofesi ndi m'masukulu, wantchito wanu wamkazi akapempha chilolezo cha ku sikelo musamufunse mafunso pamaso pa anzake. Inu apampando a nthambi, funsani alangizi a zaumoyo masiku amene sikelo imachitika m'dera lanu, ndipo musaike msonkhano kapena ntchito ya chitukuko pa tsiku limenelo. Ndipo pofika msonkhano wanu wotsatira, nthambi iliyonse idzabwere itagwirizana ndi mwini galimoto mmodzi kapena mwini bwato la injini mmodzi amene angadzutsidwe usiku, mtengo wake utakambidwiratu.