Za Mitengo Yathu ya Yellowwood: Mawu a pa Msonkhano wa Pachaka



Komiti yandipempha kuti ndifotokoze za mbande 10 za yellowwood zimene bungwe lathu linabzala kuseri kwa laibulale. Ndiyambe ndi kuvomera mlandu: zatsala 3 zokha, ndipo wolakwa wamkulu ndine.

Mtengowu si mlendo kwathu kuno. Akatswiri amautchula kuti Podocarpus milanjianus, dzina lochokera ku phiri la Mulanje, kumene Alexander Whyte anatola zomera mu 1891. Ndi mbale wa mkungudza ndi paini, koma masamba ake si onga singano. Ndi aatali ndi opyapyala, ndipo amakhala obiriwira chaka chonse. M'nkhalango za m'mapiri umatha kutalika mamita 30, ndipo matabwa ake ndi achikasu.

Ine ndinaubzala pamtetete ngati bulugamu. Ndinaiwala kuti kwawo mbande imakulira mumthunzi wa mitengo ina, pa dothi lachinyezi lokutidwa ndi masamba owola. Dzuwa la Okutobala linapha 5. Zina 2 zinapsa ndi moto wa anyamata osaka mbewa, chifukwa sitinalambule udzu mozungulira.

Zotsalazo tazimangira kamthunzi ka udzu, taphimbira pansi pake ndi masamba, ndipo zikufuna madzi kawiri pa sabata m'chilimwe chonse. Koma pali vuto lina. Yellowwood ali ndi mtengo wamwamuna ndi wamkazi payekhapayekha, ndipo mbande sungaizindikire mpaka itakula. Mwina 3 zathuzi ndi amuna okhaokha, ngati momwe inalili kalasi yathu ya Fomu 4! Tiyenera kubzala zina. Njere zake zimakhala pa kanofu kofiirira kamene mbalame ndi anyani amakonda, ndipo zimafuna kufesedwa zikadali zatsopano, osati kuzisunga m'kabati.

Mnzanga wina anandifunsa kuti tidzacheka liti matabwa a madesiki. Ndinamuyankha kuti ife ayi. Mtengowu umakula pang'onopang'ono kwambiri, ndipo odzakhala pamthunzi pake sanabadwe.

Pempho langa nali: tigule mgolo wa madzi, ndipo tipeze kangachepe kolipira munthu wothirira nthawi ya tchuthi. A Msungichuma ali pakhomopo ndi kope lawo.