Chule Womanga Chisa cha Thovu

Nkhani yokambidwa kwa anthu a ku Dowa ndi ku Ntchisi



Mvula zoyamba zikagwa, anthu otsika m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi kunka ku Salima kapena ku Nkhotakota amaona thovu loyera litalendewera pa nthambi, pamwamba pa chithaphwi. Thovu limeneli si malovu a njoka ai, ndipo mulibe matsenga. Ndi chisa cha chule wa mumtengo.

Monga munthu ali ndi mfunda wake ndi dzina lake, chomwechonso akatswiri amapatsa chamoyo chiri chonse maina awiri. Chule ameneyu amamutcha Chiromantis xerampelina. Dzina loyambalo ndi ngati mfunda, lachiwirilo ndi lakelake. Analipereka ndi Wilhelm Peters wa ku Germany m'chaka cha 1854, ataona achule otere ku Tete ndi ku Sena, m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi.

A mfunda wa Chiromantis alipo mitundu 4 mu Africa muno. Wina akhala m'nkhalango zowirira za kumadzulo ndi pakati pa Africa. Awiri akhala m'maiko ouma a kumpoto cha kum'mawa, monga Kenya ndi Somalia. Koma banja lao lalikulu, lotchedwa Rhacophoridae, liri ku Asia, kumene kuli mitundu mazanamazana. Tsono chule ameneyu ali ndi abale ambiri ku India ndi ku China kuposa kuno kwao.

Iye amapezeka kuyambira ku gombe la Kenya, kudzera ku Tanzania, Malawi, Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe, kufikira ku Botswana, Namibia, Angola ndi kumpoto kwa South Africa. Amakonda malo otentha a kuchigwa, a mitengo yotayana, ndi chifukwa chake amachuluka kunyanja ndi kuchigwa cha Shire. Nkhalango yozizira ya pamwamba pa phiri la Ntchisi si malo ake.

Kumzindikira sikubvuta. Ndi wotuwa ngati khungwa la mtengo, wamkazi amafika mainchi 3, ndipo kunsonga kwa zala zake kuli timimba tomatira. Zala ziwiri zimapenyana ndi ziwiri zinzake, kotero kuti amagwira nthambi monga munthu agwira mpini. Dzuwa likaswa mtengo iye amayera ngati phulusa kuti asatenthedwe, nafunyata miyendo yake kuti madzi a m'thupi asathe. Motero amatha chilimwe chonse ali mumtengo, kapena pa phaso la nyumba.

Chisa amamanga usiku. Wamkazi amatulutsa madzi oterera, nawapalasa ndi miyendo yakumbuyo kufikira achita thovu, ndipo amuna angapo amasonkhana pomwepo. M'thovumo amaikira mazira oposa 500. Kunja kumauma, koma m'kati mumakhala chinyontho, ndipo nsomba sizifikako. Pakapita masiku 4 kufikira 6, ambululu amagwera m'madzi ali pansiwo, nakula momwemo.

Phunziro liri apa. Chule ameneyu amadya tizirombo, saononga mbeu, ndipo sali pafupi kutha pa dziko lapansi. Koma pamudzi angathe kusowa ngati mitengo ya m'mbali mwa zithaphwi ithera ku zigafa za fodya ndi ku makala. Odula mitengo asiyeko ya m'mphepete mwa madzi, pakuti mitengo yomweyo ndiyo imaletsa nthaka kukokoloka. Ana asagende zisa ndi miyala, chifukwa mwala umodzi umapha mazira mazana.

Aphunzitsi ali ndi ntchito yabwino pamenepa. Margaret Stewart analemba buku la achule a m'Malawi m'chaka cha 1967, koma za pamudzi amazidziwa bwino ndi eni mudzi. Sukulu iri yonse ikhale ndi kabuku kolembamo tsiku ndi malo pamene chisa chaoneka. Masukulu a kumapiri akayerekeza mabuku ao ndi a kuchigwa, ana adzaona okha pamene chule ameneyu amalekezera pokwera mtunda.