Shuga, Mafuta ndi Magazi Oundana



Ambirife tafika pa msinkhu umene matenda a shuga amakonda. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza matendawa mwa akuluakulu oposa 5 pa 100 alionse m'Malawi muno. Wodwala akayezetsa napeza kuti shuga watsika, mtima umakhala pansi. Ine nditi kuyeza shuga yekha sikukwanira, pakuti ngozi ya sitiroko ndi matenda a mtima imachuluka pafupifupi kawiri mwa odwala shuga.

M'magazi muli tizidutswa totchedwa mapulateleti, topangidwa m'kati mwa mafupa, tokhala masiku 7 mpaka 10. Mukadzicheka, ndi timeneti timene timamatana ndi kutseka bala. Insulini amathandiza kutiletsa kumatana mwachisawawa. Tsono shuga akachuluka, thupi losamveranso insulini, timamatana msanga ngakhale popanda bala.

Mafuta a m'magazi nawonso amasokonekera. Kolesitolo wa HDL, amene amasesa mitsempha, amachepa, pamene wa LDL amalowa m'khoma la mtsempha naunjikana ngati chotupa. LDL woonongekayo amautsanso mapulateleti. Tsiku limene chotupacho chiphulika, mapulateleti amakhamukirapo, magazi naundana, njira nitsekeka. Ukakhala mtsempha wa ku ubongo, ndiye sitiroko imene yagoneka anzathu ena.

Mankhwala alipo. Ku Britain ndi Ireland, kafukufuku wa CARDS wa 2004 anaonetsa kuti atorvastatin, wotsitsa LDL, anachepetsa ngozi zoterezi ndi 37 peresenti mwa odwala shuga. Koma aspirini, amene amafooketsa mapulateleti, ngwofuna kusamala. Kafukufuku wa ASCEND wa 2018, pa odwala shuga 15,480 amene anali asanadwalepo mtima, anapeza kuti aspirini anachepetsa ngozizo ndi 12 peresenti, koma kutaya magazi koopsa kunakwera ndi 29 peresenti. Choncho musamangogula aspirini pagolosale chifukwa mnzanu akumwa. Funsani dokotala.

Pempho langa nali: mukapita kukayezetsa shuga, pemphani akuyezeninso mafuta ndi kuthamanga kwa magazi. Fodya msiyeni, zonona chepetsani, ndipo muziyenda pansi monga tinkachitira popita m'kalasi. Tikamaitana maina chaka chamawa, ndifuna aliyense wa ife adzayankhe yekha.