Nsima Imapsa ndi Ndalama Zingati? Tiyeni Tiwerengetse Tokha

 

Ndiyambe ndi funso. Ndani pano akudziwa ndalama zonse zimene zinapita ku makala, mayunitsi, makandulo ndi kutchajitsa foni mwezi wathawu? Kwezani dzanja. Mwaonatu, manja ndi ochepa. Lendi timaidziwa, fizi timaidziwa, koma ndalama ya moto imachoka pang'onopang'ono. Lero kajumbo ka makala, mawa mayunitsi a usiku umodzi, basi mwezi watha.

Kalembera wa 2018 anasonyeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 alionse ndiwo amaunikira ndi magetsi. Pophika ndiye usanene, ngakhale m'tauni muno ambirife ndi pa mbaula. Mitengo ikuthadi, ku Dzalanyama, ku Mwanza, ku Neno. Ndipo tinaona mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, matope ochokera m'phiri la Soche akukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Ndiye pasakhale wonena kuti azimayi sitikufuna kuteteza chilengedwe. Funso lathu ndi lakuti: bilu yake akulipira ndani?

Mu 2017 boma linakhazikitsa ndondomeko ya zaka khumi yokhudza makala. Mu 2020 lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa, zilango za wowotcha, wonyamula kapena wogulitsa makala popanda chilolezo zinakula. Tsono taganizani. Matumba akalandidwa pa rodibuloko, wageni uja sangogona ndi luzi. Amaibweza pa thumba lotsatira. Wolipira pamapeto ndi mayi wa ku Ndirande kapena ku Mtandire amene akufuna kuthyakula nsima ya madzulo.

Amati phikirani magetsi. Chabwino. Koma mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ngakhale a makuka anabwerera pa mbaula. Komanso ambirife tili m'nyumba za lendi, mita imodzi makomo anayi, ndipo alandilodi anaika kale lamulo: hotipuleti ayi.

Amati phikirani gasi. Mu bajeti ya 2019 boma linachotsa msonkho wa VAT pa gasi wophikira ndi masilinda. N'zabwino. Koma kuti upindule nazo, uyambe wapeza ndalama ya silinda ndi chophikira chake nthawi imodzi. Amene amadya zimene wapeza tsiku lomwelo, kuchotsa msonkho kumeneku sikumufika. Komanso gasi amachokera kunja, ndipo mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mwaona mmene zikukhalira? Thandizo likugwera amene ali nazo kale, chilango chikugwera amene alibe pothawira.

Vuto lathu ndi lakuti tikapita kukadandaula, timanyamula mkwiyo wokha. Anzathu amabwera ndi manambala. Ndiye nafenso tipange kafukufuku wathu. Safuna digiri, amafuna kope ndi cholembera.

Kwa masabata anayi, tsiku lililonse, lembani izi. Choyamba, mwagula chiyani, makala, nkhuni, gasi, mayunitsi kapena kandulo, ndipo pa mtengo wanji. Chachiwiri, mwagula kajumbo kapena thumba, ndipo zatha masiku angati. Apa ndi pamene tione ngati wogula timajumbo sakulipira zambiri pa mwezi kuposa wogula thumba. Chachitatu, magetsi anazima maola angati, ndipo geni inaima bwanji: mafirizesi anasungunuka, saluni inatsekedwa? Chachinayi, ndalamayo inachokera m'thumba mwa ndani. Chachisanu, munasiya chiyani chifukwa cha moto. Ndi kangati mwasiya nyemba pamsika osati chifukwa cha mtengo wake, koma poopa makala ozipsetsa?

Lembaninso ndalama imene yalowa pakhomo mwezi umenewo, chifukwa chilungamo chagona pamenepo. Mabanja awiri akhoza kuwononga ndalama yofanana pa moto, koma kwa wina ndi chenje, kwa wina ndi theka la malipiro. Mayina musalembe, dera lokha. Mukafunsa aneba kapena anzanu a ku banki m'khonde, yambani mwawauza cholinga ndipo avomere okha.

Tikaphatikiza, tipita nazo kuti? Bungwe la MERA, limene limavomereza mitengo ya magetsi, mafuta ndi gasi, limamva maganizo a anthu pakakhala pempho lokweza mtengo wa magetsi. Unduna wa Zachuma umafunsa maganizo bajeti isanalembedwe. Makhansala ndi aphungu athu aliponso. Tikakhale m'zipinda zimenezo ndi makope athu, tikafunse za silinda yolipira pang'onopang'ono, gasi wogula malinga ndi ndalama imene uli nayo, mita ya khomo lililonse, komanso makala ovomerezeka amene mayi wamba angawakwanitse.

Makope ali patebulopo. Tengani limodzi, mutengerenso mnzanu amene sanabwere. Tiyamba mawa m'mawa, ndi moto wa tiyi.