Mabuku Khumi, Mitundu Khumi

Madzulo ano tikambirana za kuwerenga, ndipo funso lathu nali: mabuku amene mumawerenga ndi amtundu wanji, nanga anawalemba ndani?

Ku America, m'chigawo cha Washington, kuli bungwe la malaibulale lotchedwa King County Library System, limene limatumikira matauni ozungulira mzinda wa Seattle. M'chaka cha 2019 bungweli linaitana anthu obwereka mabuku kuti achite nawo ntchito ya chaka chathunthu yotchedwa "10 to Try", ndiye kuti khumi oti muyese. Aliyense anapemphedwa kuwerenga mabuku 10 chakacho chisanathe, koma buku lililonse lichokere m'gulu lakelake. Mwa maguluwo munali buku la ndakatulo, la mbiri yakale, la ana, lolembedwa ndi mtolankhani, ndiponso lolembedwa ndi munthu wobwera kuchokera kudziko lina. Gulu lina linali la buku limene ogwira ntchito m'laibulale alivomereza kuti ndi labwino.

Mabuku 10 pa miyezi 12 si katundu wothyola khosi. Nzeru ya ntchitoyi yagona pa magulu aja. Malaibulale ambiri amasanja mabuku potsata dongosolo limene Melvil Dewey anafalitsa m'chaka cha 1876: za chipembedzo pa nambala 200, za sayansi pa 500, ndakatulo ndi masewero pa 800, mbiri yakale pa 900. Dongosololi limathandiza munthu kupeza msanga chimene akufuna. Komatu limamulolanso kupita pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka, monga mlimi wodziwa njira ya kumunda kwake yokha, osaponda konse mbali zina za nyumbayo. Tsono magulu aja amamukoka dzanja kuti akaone kumene sanafikeko.

Mayi wina wa ku London, Ann Morgan, anachita zoposa pamenepa. Ataona kuti mabuku ake ambiri anali a alembi a ku Britain ndi North America, anatsimikiza mtima kuti m'chaka cha 2012 awerenge buku lochokera m'dziko lililonse mwa mayiko 196. Atafika pa dziko laling'ono la São Tomé ndi Príncipe anasowa buku la m'Chingerezi, kotero kuti anthu ena anadzipereka kumumasulira buku la Olinda Beja kuchokera m'Chipwitikizi. Kufunafuna kwa munthu mmodzi kunaulula kuti pali mitundu ya anthu imene mawu awo satuluka kunja kwa malire awo.

Nanga zimenezi zili ndi phindu lanji? Munthu amene sanamvepo mlendo akudzifotokozera yekha amamuweruza ndi mphekesera. Buku lolembedwa ndi wobwera limatilowetsa m'mtima mwake, ndipo timamva za chimene chinamuchotsa kwawo, za chilankhulo chimene chikumukanika, ndi za ana ake amene akuiwala mudzi. Ife nkhani imeneyi tikuidziwa bwino, pakuti abale athu ambiri ali ku Johannesburg ndi ku Harare, kumene iwo ndiwo amatchedwa obwera, ndipo timalakalaka eni nthaka atawamvetsa.

Motero, omvera, sitiyenera kudikira kuti wina atiitane. Ambirife buku timalitseka tsiku lomaliza mayeso. Tengani pepala usiku uno, mulembe magulu anuanu, ndipo mupite nalo ku nthambi ya National Library Service kapena laibulale ya pasukulu imene muli nayo pafupi. Ngati mumawerenga Chingerezi chokha, funsani Nthondo, buku la Samuel Josia Nthara la m'chaka cha 1933. Ngati alembi anu onse ndi amuna, funsani So Long a Letter, limene Mariama Bâ wa ku Senegal analemba m'Chifalansa, lonena za mayi wamasiye amene mwamuna wake anakwatira mitala. Ngati ndakatulo munasiyana nazo kusukulu, bwererani pa nambala 800. Buku mwalifunalo likasowa, uzani woyang'anira laibulale, chifukwa iye amadziwa zimene anthu akufuna pokhapokha atafunsidwa.

Mabuku ena mudzawapeza owuma, ena adzatsutsa zimene mwakhala mukukhulupirira. Musawataye msanga. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumoko sitingakaone ngati mlendoyo tamutsekera pakhomo.