Mbulu wa Pamsika ndi Thupi la Nkhalamba

Nkhani ya lero ikuchokera ku Ntcheu, kwa Angoni a Gomani, koma mwini wake ndi aliyense amene ali ndi nkhalamba pakhomo.

Kumtunda kwa boma limeneli, cha ku Tsangano ndi ku Lizulu, kumazizira kwambiri m'miyezi ya June ndi July. Anthu a kumeneko ndi alimi a mbatata ya kachewere ndi kabichi, ndipo ambiri akhala akuŵerama m'minda ya m'mapiri kuyambira ubwana wao. Munthu wotere akafika zaka 65, msana ndi maondo zimayamba kumkumbutsa makasu onse amene anagwira. Nyamakazi ikalimba, chipatala chimaoneka chakutali, pamene msika uli pafupi. Pamsikapo sipasoŵa mnyamata wa kachikwama kodzaza mapiritsi, amene safunsa kabuku ka kuchipatala ndipo saimiritsa munthu pamzere.

Nkhani yonga iyi azaumoyo saidabwa. Anganga ena amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi amene amalandira kuchipatala. Maondo atavuta, mdzukulu aŵagulira Indocid pamsika. Ululu uleka, ndipo anganga ayamba kumwa m'maŵa ndi madzulo, nthaŵi zambiri asanadye kanthu. Tsiku limene ululu wakana kumva, aonjezera Brufen amene anatsala kwa anzao a kumpingo. Pakutha miyezi ingapo, mapazi atupa, pamtima pakutentha, ndipo chimbudzi chasanduka chakuda bii ngati phula. Pamudzi ayamba kunong'onezana za kulodzana, koma mfiti yake ili m'kansalu komangidwa pansi pa mphasa.

Indocid, amene dzina lake lenileni ndi indomethacin, ali mtundu umodzi ndi Brufen, diclofenac ndi aspirin. Onseŵa amachepetsa ululu ndi kutupa potsekereza timadzi tina timene thupi limapanga. Tsoka lake ndi lakuti timadzi tomweti ndi timene timatchinjiriza khungu la m'kati mwa chifu, ndiponso timathandiza kuti magazi aziyenda bwino m'impso. Munthu akamwa mankhwalaŵa masiku ambiri, chifu chimachita zilonda ndi kuyamba kukha magazi. Chimbudzi chakuda chija ndi magazi amenewo. Kumwa mitundu iŵiri pamodzi sikuthetsa ululu kaŵiri, koma kumakulitsa chilonda.

Tsono mnyamata amamwa mibulu yomweyo osaona vuto, bwanji nkhalamba? Impso ndizo zimasefa mankhwala ambiri kuti atuluke ndi mkodzo, ndipo mphamvu yake imayamba kuchepa pang'onopang'ono munthu akapitirira zaka 40. Chiŵindi nachonso chimagwira ntchito mochedwa. Chotero mbulu umene mwa mnyamata watha mphamvu pofika madzulo, mwa agogo ukhoza kukumana ndi unzake wa maŵa. Dokotala wina wa ku America, Mark Beers, anasindikiza m'chaka cha 1991 mndandanda wa mankhwala amene sayenera kupatsidwa kwa okalamba mwachisawawa. Mndandandawo umakonzedwabe mpaka lero, ndipo indomethacin ali momwemo, chifukwa kuonjezera pa chifu ndi impso, amachititsa chizungulire ndi kusokonezeka mutu.

Choopsa chenicheni chili pa kukumana kwa mankhwala aŵiri m'thupi limodzi. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti pa anthu atatu alionse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 m'Malaŵi, pafupifupi mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo vutoli limachuluka ndi msinkhu. Mankhwala a ululu aja amasunga mchere ndi madzi m'thupi, motero amakweza magazi amene mbulu wa kuchipatala ukuyesa kutsitsa. Dokotala akaona kuti magazi sakutsika, amaonjezera mlingo kapena kulemba mbulu wina, osadziŵa za kansalu kaja. Ndipo pamene enalapril, mbulu wokodzetsa uja wotchedwa hydrochlorothiazide, ndi Indocid akumana mwa nkhalamba imene yatsegula m'mimba kapena imene siimwa madzi okwanira, impso zikhoza kuima m'masiku oŵerengeka. Makina osefa magazi ali ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Ntcheu ili pakati pa mizinda iŵiriyi, ndipo kwa munthu wa ku Kasinje kapena ku Bilira konseko ndi ulendo.

Palinso kulakwitsa kumene sikuchokera pamsika. Ena amasiya mankhwala a kuthamanga kwa magazi mutu ukangoleka kuŵaŵa, nasunga otsalawo kuti adzamwe tsiku loipa. Chonsecho nthenda imeneyi kaŵirikaŵiri siiŵaŵa konse kufikira tsiku limene munthu wafa ziŵalo mbali imodzi. Odwala shuga amene amamwa glibenclamide m'miyezi ya njala ya January ndi February, m'mimba mulibe kanthu, shuga wao amatsika kwambiri: amatuluka thukuta, amanjenjemera, amayankhula zosamveka, mwina kukomoka. Woŵapeza akhoza kuyesa kuti aledzera. Nawo diazepam, amene ena amamwa posoŵa tulo, amasiya chizungulire, ndipo agogo akagwa usiku popita kuchimbudzi fupa la m'chiuno silichedwa kuthyoka.

Nkhalambazi siziyenera kudzudzulidwa. Ululu wao ndi weniweni, maso achita khungu, zolemba za pakathumba ndi zazing'ono, ndipo mibulu yambiri ndi yoyera yofanana. Nthaŵi zina wodwala amayenda mtunda wautali ndi kukamva kuti mankhwala atha, akagule. Lamulo lilipo ndithu: la 1988 linakhazikitsa bungwe la Pharmacy, Medicines and Poisons Board, ndipo la 2019 linaika m'malo mwake Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Kugulitsa mankhwala popanda chilolezo ndi mlandu. Koma bungwe silingaime pamsika uliwonse wa m'mbali mwa mseu wa M1, makamaka pamene tsidya lina la mseu ndi dziko la Mozambique. Amene amaona zimene agogo ameza ndi wa m'nyumba momwemo.

Pa ululu wa mafupa, madokotala amayamba ndi Panado chifukwa sakanda chifu. Naye ali ndi malire: munthu wamkulu asapitirire mibulu iŵiri kanayi pa tsiku, ndipo kwa wofooka thupi kapena womwa moŵa mlingo umachepa, chifukwa Panado wochuluka amaononga chiŵindi. Kuthoŵa maondo ndi madzi ofunda, kufunda bwino m'nyengo yozizira ndi kuyenda ndi ndodo kumathandizanso. Chimbudzi chakuda, kusanza magazi, kutupa mapazi kapena kuchepa kwa mkodzo si zodikira nazo tsiku la sikelo. Wodwala apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Anganga aja, tsiku lopita ku Ntcheu District Hospital, mdzukulu anasonkhanitsa zonse m'jumbo imodzi: za kuchipatala, za pamsika, zopatsidwa ndi anzao, ndi botolo la zitsamba. Dokotala anazikhuthulira patebulo naziŵerenga.

"Agogo, aŵa anakupatsani ndani?"

"Amenewo ndi a maondo, adokotala. Ndiwo amandiyendetsa."

"Pepani agogo, amenewa muŵasiye kuno. Maondowo tiŵapezera ena, koma tiyambe tayeza magazi ndi mkodzo."