Mulungu wa Malire wa Aroma: Nkhani ya pa Wailesi

Madzulo ano tikambe za malire a minda, koma tiyambe ndi anthu akale a ku Ulaya.

Amene anapita kusukulu anamva kuti Agiriki anali ndi mulungu wa mphezi dzina lake Zeus, amene Aroma ankamutcha Jupiter. Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti Zeus yemweyo ankapembedzedwanso monga mlonda wa malire. Aroma anali naye mulungu wina wa ntchito imeneyi, dzina lake Terminus. Iyeyu analibe nkhope ngakhale manja. Anali mwala chabe, wozikidwa pakati pa minda iwiri.

Pozika mwalawo, eni minda onse awiri ankakhalapo. Ankapha nyama ya nsembe, ndipo magazi ndi phulusa lake ankaziika pansi pa dzenje. Munthu akasuntha mwala usiku, phulusa lija linkatsala pamalo pake n'kumuulula. Chaka ndi chaka, pa 23 February, mabanja awiriwo ankakumana pamwalapo ndi uchi, vinyo ndi mwana wa nkhosa, n'kudyera pamodzi. Lamulo limene amati anaika mfumu Numa linali lakuti wogumula malire ndi khasu la ng'ombe akhale wotembereredwa, iye ndi ng'ombe zake.

Aroma ankasimbanso kuti pomanga kachisi wamkulu wa Jupiter pa phiri la Capitol, milungu ina inalola kusamuka, koma Terminus anakana. Anamusiya m'katimo, naboola denga pamwamba pake.

Sitikunena kuti mupembedze miyala, ayi. Koma taonani nzeru yake. Milandu ya malire imabuka nthawi yogalauza, pamene wina wadya mzere umodzi wa mnzake. Mizere iwiri chaka chino, itatu chaka chamawa, mapeto ake chibale chatha.

Inu mafumu, musadikire mlandu. Mvula isanagwe, itanani eni minda oyandikana muyende nawo m'malire, ana awo ndi eni mbumba akuona. Bzalani nkhadze kapena khonje, chifukwa chulu chimagumulidwa ndipo mtengo umadulidwa. Mboni zokalamba zikapita, ana aja ndiwo adzanene zoona pabwalo.

Tsalani bwino nonse.